Palibe Wowerenga

Edesi, mwana wa mkulu wanga, anafika ndi galimoto
m'mawa wa Khirisimasi, tikutuluka m'tchalitchi.
Amvekere: mayi aang'ono, vulani silipasizo,
lero mukadya kumene amadya mabwana.

Msewu wake ndimaudziwa.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndaupondaponda,
dengu kumsana, pulasitiki m'chiuno,
koma pa geti ya hotela ndinkangolambalala.
Tsikulo mlonda anandivulira chipewa.
Anali Mukhova, wa besi mu kwaya yathu ku Chisitu.
Anandiyang'ana ngati sanandionepo,
kenako anatsinzina diso limodzi.

Chakudya chake chilibe dzina kwathu kuno.
Cham'mawa ayi, chamasana ayi,
n'cha anthu amene dzuwa limawapeza m'bulangete.
Miphika yasiliva ili ndandanda,
uliwonse ndi kamoto kake kunsi.
Soseji, mazira ophikidwa mitundu itatu,
nkhumba yopyapyala ngati tsamba la Baibulo,
nsomba yofiira imene ati inakwera ndege.
Chinanazi chomwechi cha pamsewu wa ku Limbuli
anachisema maluwa, nachikhazika pa ayezi,
chinaiwala kuti dzulo chinali pafumbi.

Edesi akuti tengani, palibe wowerenga.
Palibe wowerenga!
Kuuza ine, amene moyo wanga wonse walendewera pa sikelo,
kalaliki ndi pensulo kukhutu
akudula makilo awiri, ati mvula yalemeretsa masamba.
Supuni inanjenjemera m'dzanja.
Ndinatenga mbatata ziwiri ndi ntchafu imodzi ya nkhuku.
Bambo wa kabudula patsogolo panga
anaunjika mbale ngati chulu,
nadya pansonga pokha. Zotsala anyamata anachotsa.

Ndinafunsa mtengo. Edesi anaseka, nabisa kapepala,
koma maso a wothyola tiyi saphonya kanthu kakang'ono.
Ndinawerengera chamumtima:
mpando ndakhalirawu ndi madengu a milungu itatu,
komanso ndiye dzinja, tiyi ataphuka bwino.
Ntchafu ija inaima pakhosi.

Ndipamene kamtsikana ka epuloni kanabwera ndi ketulo yoyera.
Wopanda mkaka, wopanda shuga.
Akuti uyu ndi wapamwamba, mayi, amapita kunja,
masamba awiri ndi kansonga, wothyola ndi manja.

Ndi manja.
Ndinayang'ana anga pa nsalu ya tebulo,
ming'alu yakuda imene sopo anaigonja kalekale.

Ndinalawa.
Wathu wa pa okala ndi fumbi,
timamunyengerera ndi masupuni anayi a shuga.
Uyu ankanunkhira m'mawa wa chiperoni
kumunda wa nambala seveni, kunsi kwa mathithi,
kumene njoka inaluma Lusitiya pa chidendene,
kumene mimba ya Dafuleni inandiyambira kupota
dengu lisanadzaze n'komwe.
Zaka zonsezi ndakhala ndikulera mwana
amene sindinamuonepo nkhope atakula.

Ndinapempha kapu ina. Inanso.
Edesi akuti mayi, keke uyo, ayisikirimu uyo, mukusiyiranji?
Ndinati mwanawe tandileka,
ndikutolera makilo anga aja.

Pawindo phiri linali litafunda nkhungu mpaka m'chiuno,
minda ili zii, yopanda dengu ngakhale limodzi.
Tiyi sadziwa tchuthi, ameneyo amangophuka.
Mkuja kapitawo adzakalipa kuti tsamba lakhwima.

Podzuka ndinakulunga masoseji awiri m'kapepala kofewa,
ndinaponya m'chikwama, mtima uli thi thi thi
ngati ndatuluka ndi nkhuni za kampani.
Kamtsikana kaja kanaona.
Kanayang'ana kudenga, kukonza epuloni yosapindika.

Pa geti Edesi anandisonyeza batani la galasi.
Mukhova analandira osayang'ana pansi,
anaika m'chipewa,
navala,
n'kutiperekeza ndi saluti.