Liwu Lomwe Ndinatola ku Linden

Ndinalitola Lachiwiri m'khitchini mwa a Lubbe,
adona ataloza maluwa a m'botolo n'kuti droop.
Ndinagwedeza mutu ngati ndamva,
liwulo n'kuliponya m'thumba la epuloni
momwe mumakhala makiyi a geti.

Usiku ku Rosettenville,
m'chipinda chomwe tinachidula pakati ndi katani,
Yotamu analifunsa pafoni yake yong'aluka galasi.
Akuti kufota. Ayi, kuzyolika.
Taima, palinso kulefuka, kulendewera,
bandulo n'kuthera pomwepo.
Tinagona tikulimbana.
Iye ankati ndi liwu la zomera basi.
Ine ndinkati, nanga polinena
bwanji adona anaba diso kuyang'ana amuna awo?

Juni anafika ndi chisanu chong'amba milomo.
M'mawa wina phala linabwerera,
linatsika pachibwano cha a Lubbe
supuni ikadali m'dzanja langa.
Tsaya lakumanzere linali litaweruka lokha,
chikope chitagwa ngati chitseko choguluka hinjesi imodzi.
Ku Milpark dotolo, kamtsikana kovala matenesi,
analitchulanso liwu lija.
Sindinafunse munthu.

Kuyambira apo limandilonjera paliponse.
Waya woyanikapo zovala akamwa mabulangete anyowa.
Khosi la mlonda wa pa Spar isanakwane sikisi.
Mapewa a azimayi pamzere wa matakisi ku Bree,
zikwama zikuwakokera pansi ngati ana.
Ndipo Loweruka, pagalasi la sitolo ya nsapato,
mayi wina wa juzi yofiirira anandiyang'ana,
milomo itatsikira m'mbali.
Ndinamupatsa njira.
Iyenso anandipatsa.

Zaka naini kuno.
Chitupa changa chinatha mphamvu mu Malichi,
msana unayamba kale.

Komabe ndinaona zomwe adona amachita nawo maluwa aja:
amadula kunsi mopendeketsa,
kutaya madzi akale, kuthiramo kashuga.
Ena amadzutsa mitu pofika madzulo.
Ena ayi.

Yotamu, usagulenso bandulo chifukwa cha ine.
Liwu lija ndalimasulira ndekha:
ndi kugwa usanathothoke.
Mutu uli pansi, inde,
koma phesi likadagwira.
Mawa ndikatumiza mahandiredi asanu ndi atatu ku Bilira,
a fizi ya Tamanda ndi malata awiri,
ndikatero ndikwere ya ku Linden.
A Lubbe amafuna wowapukuta pakamwa,
ndipo mbali yomwe ikadali yawo
imandisekerera.