Kabuku ka M'thumba la Jekete

Belo la Lachiwiri ndinalidula m'mamawa,
dzuwa la Mangochi lisanayambe kulilitsa malata.
Munali majekete okhaokha. Majekete, kuno!
Ndinamutukwana chamumtima mmwenye wa ku Limbe uja.

M'thumba la lina lotuwa, lonunkha kabati ya eni ake,
momwe ndinkapisa kufuna ndalama yoiwalika,
ndinapezamo kabuku kobiriwira, nyenyezi pachikuto,
masamba ofewa ngati duku lochapachapa.

Rukiya wanga, wa Fomu 3, ndiye anandimasulira
usiku, pa tochi ya foni.
Akuti kunali dokotala wa maso kudziko lozizira,
wokulira m'tauni ya mitundu yosamvana
yomwe inkanyozana pamsika chifukwa cha lilime.
Iye anatola zigamba, apa ndi apo,
nasoka chilankhulo chopanda mwini.
Esperanto.

Chopanda mwini?
Ine ndinakumbuka sitandade folo ku Namwera,
chigoba cha nkhono chili lende m'khosi mwanga
chifukwa ndinapempha mesi m'malo mwa madzi.
Ndinachivala mpaka belu loweruka.
Apa madzi ndi akvo,
ndipo palibe mphunzitsi angati ndi mawu a kwawo.

Malamulo ake ndi ochepa kuposa a komiti ya msika.
Dzina la chinthu limathera ndi o:
domo nyumba, birdo mbalame, mono ndalama.
Za lero ndi as, za dzulo ndi is, za mawa ndi os,
palibe mneni wamakani wokana kufola pamzere.
Ukaika mal kutsogolo, mawu amatembenuka
ngati malaya ovala chakunja mkati:
varma kutentha, malvarma kuzizira,
kumene ife tingokumvera pa wailesi.

Mmawa ndinayesa pa Che Ajibu, telala wa pakhonde la golosale.
Saluton, ndinatero.
Anaimitsa phazi pa makina.
Mwayamba mapemphero a malilime, Abiti Saizi?

Ndinawauza kuti mano kumeneko ndi dzanja.
Ndiye mukapatsana moni mumalumana?
Ndinati pano ndi buledi.
Analoza pansi pafumbi: pano? Ndipatseni tiyi ndimwere.
Bona ndiye chabwino.
Kwathu bona ndi mowa wa akufa, mayi,
chilankhulo chanucho chikutilosera maliro.
Anaseka mpaka ulusi unathawa pa singano,
a kabaza odikira makasitomala nawonso anaseka
osadziwa chosekacho.

Komabe madzulo, ndikupinda zotsala,
anandikuwira kuchokera kutsidya la msewu:
Nanga sikomo mumati chiyani?
Dankon.
Anabwereza kawiri, ngati akulawa mchere mu ndiwo.

Mkati mwa chikuto muli dzina lolembedwa ndi inki yofiirira,
keyala, ndi chaka chomwe ndinali ndisanabadwe.
Mwini jekete ayenera kuti anagona kalekale,
ana ake nkusesa kabati, nkumanga belo.
Ndinalembabe kalata. Mizere inayi basi.
Mi estas Abiti Saizi. Mi loĝas en Mangochi.
Jekete lanu lili kuno, silikugulidwa.
Mzere umenewo Rukiya anavutika nawo masiku awiri.
Wa ku positi anaiyang'ana uku ndi uku,
anati masiku ano ndani amatumiza izi,
koma ndalama ya sitampa analandira.

Papita miyezi isanu.
Majekete ena ndinawagulitsa motchipa kwa alonda a usiku.
Lotuwalo ndinalisunga.

Dzulo Che Ajibu anafunsa tanthauzo la dzina lenilenilo.
Ndinati: munthu woyembekezera.
Anakuwa, Ogo! Chilankhulo chapakati?
Zaka zoposa zana, osachira?

Ndinati mimba zina zimatero.
Kenaka kunabwera mayi wofuna siketi ya mwana,
tinatsutsana mtengo m'Chiyao,
tinagwirizana m'Chichewa,
ndipo chenji ndinawerenga chamumtima:
unu, du, tri.