Mwendo Wakumanja wa Zelipa

Bwalo la mpira wa manja ku Chilenje, Loweruka m'mawa.
Mlonda watibwereka mpaka teni koloko.
A Kamanga asesa kawiri konse,
akuti kamwala kochepa ngati njere ya therere
kamagwetsa ndi wa mamendulo yemwe.

Ine ndabwera ndi za kusukulu:
timabatani tisanu ndi titatu, thonje, sipiliti, pulasitala,
ndi kompyuta yobwereka, batire lake nkhalamba.
Ndikupukuta ntchafu ya Zelipa, kutsogolo ndi kumbuyo,
ndikumata pa katumba, ndikumata m'mbali mwa msongolo.
Akuti, tikuzizira. Akuti, kodi timamva zonse?
Ndati, timangomva mnofu ukamayankhula.
Waseka, akumanga zingwe za nsapato zake zamateyala,
za pa salaula, zomukulira pang'ono,
wavalira masokosi awiri.

Wayamba chobwerera m'mbuyo.
Mateyala akupera konkire, kulira ngati chigayo chakutali.
Bondo lapinda.
Pagalasi langa mzere umene unagona chigonere
wadzuka, wamera minga.
Ntchafu yakutsogolo ndiyo yayamba kukuwa,
katumba akudikira, akudikira,
wayankhula pomaliza, liwu limodzi lalifupi,
ndipo pansi pamutaya.

Ndinkayesa kuti ntchito yonse ili m'mwambamo.
Ayi, m'mwamba muli zii.
Mizere yambiri yangoti see,
kupatula minofu yam'kati mwa ntchafu
imene yafungatira miyendo kuti isabalalike
mwiniwake akuzungulira ngati nguli, kawiri.

Chandiimitsa mutu nachi:
mateyala akadali m'malere
mwendo wakumanja wakungika kale.
Palibe wautuma,
monga mayi amafinyira mwana pachifuwa
minibasi isanagwe m'dzenje
la pamsewu umene amaudziwa.

Koma wa Zelipa ukufulumira mopitirira.
Ulendo wachitatu, wachinayi, chimodzimodzi:
wauma nthawi isanakwane, bondo likukana,
akutera gwa! ngati nsanamira, manja akupalasa mphepo.
Ndamuonetsa. Wayang'ana nthawi yaitali.
Akuti, ndinagwera pomwepa mu Ogasiti chaka chatha,
milungu isanu ndi umodzi ndili m'chikhakha.
Ine ndinaiwala, koma uwu,
wamenya ntchafu ndi chikhatho,
uwu ndi wosunga mangawa.

A Kamanga zamagalasi sazikhulupirira.
Akuti, usaukalipire, unyengerere,
tera ngati ukutula thireyi ya mazira a ngongole.
Akumuwerengera ndi m'manja: kwera, zungulira, khala.

Kwatsala mphindi khumi.
Atsikana a mpira afika kale, akuponyerana kuseri kwa waya.
Batire laphethira kofiira, laphethiranso, lathima.
Magetsi kuno anapita dzulo madzulo.
Ndisananene kuti tiime, iye wanyamuka kale,
chobwerera, bondo, m'mwamba,
jakaranda, thanki ya madzi, denga la tchalitchi, jakarandanso,
ndipo watera phee, pa mwendo umodzi,
bondo likumira pang'onopang'ono ngati konkire ndi matiresi,
mwendo winawo utatambasuka m'mbuyo
kulozera kumene wachokera.

Mmodzi wa atsikana aja waiwala kuwakha.
Mpira ukugubuduka wokha mpaka m'ngalande.

Mu lipoti ndidzalemba kuti anadumpha kakhumi ndi kanayi,
konse ndi mwendo wamantha,
ndidzaikapo manambala, ndi mizere yake yaminga ija,
aphunzitsi adzachonga ndi cholembera chofiira.
Kotsirizaku ndilibe nako umboni.

Ndikumatula timabatani, tikusiya zidindo pakhungu.
Katumba akunjenjemerabe pansi pa chala changa
ngati watsala ndi mawu,
koma mlonda akugwedeza makiyi,
ndipo Zelipa, nsapato zili pakhosi,
akufunsa ngati ndili ndi chenji
ya basi ya ku Kabwata.