Ulusi Wofiira

Amandibweretsera Lolemba, m'jumbo yakuda,
magulovu anayi a ana khumi ndi asanu ndi awiri,
zala zitasosoka, chikopa chili gwa
ngati mlamba woiwalika pathandala.
Ine ndine telala wa makanzu ndi mayunifolomu,
kusoka dzanja la munthu sindinaphunzire.
Koma khonde langa lapenya bwalo la sukulu ku Mpondasi,
ndipo singano ya matumba siikana ntchito.

Lachitatu, ana akaweruka ku madrasa,
Abiti Sumani amatsika pa kabaza, wenzulo pakhosi,
nalemba mizere ndi phulusa.
Matumba atatu a simenti, odzaza mchenga, pamakona,
pachinayi, pamene amati pakhomo, chivundikiro cha ndowa.
Akuti besibolo.
Anyamata a pasiteji anaseka mwezi wathunthu:
mpira wanji wokana phazi?

Sayamba ndi chibonga, ayi.
Amawaimika awiriawiri, mapazi asanu pakati,
ponya, wakha, ponya, wakha,
kenako phazi limodzi m'mbuyo, ponyanso.
Ena awerama uko, kudikira wogubuduka m'fumbi,
ena akumenya wokhazikika pa paipi yozika m'chitini.
Wenzulo ikalira, asinthane.
Ndimadziwa nthawi osayang'ana wotchi.

Twaibu, mwana wa mlongo wanga, ankatsinzina.
Mpira ukangochoka m'dzanja la mnzake
mutu unkalowa m'mapewa ngati wa fulu,
gulovu m'mwamba, kutchinga nkhope.
Kunyumba ndi yemweyo:
mbale ikagwa, amanjenjemera ndiye,
ukamufunsa dzina, amayankha zala za kumapazi.
Bambo ake ali ku Joni tsopano
pamodzi ndi dzanja lawo lolemera lija.
Zinazo sindinena.

Abiti sanamukalipire.
Anadza pakhonde panga nati,
ndisokereni mpira wa nsanza, wofewa,
koma ulusi wake ukhale wofiira.
Ndinadula zotsala za diresi la ukwati wa eni ake.
Mawa lake anagwada m'fumbi pamaso pa mwanayo:
usauwakhe, Twaibu, ungondiuza
ulusiwu ukuzungulira cha kuti.
Kuti unene, uyenera kupenya.
Unamugunda pachifuwa, pachibwano, pamphumi,
iye akuti kumanja, kumanzere,
kumanja, sindinaone, kumanja.
Masabata asanu ndi limodzi.
Ndinasoka mipira itatu, agalu anaba umodzi.

Pali lamulo limene onse amaliloweza:
mpira ukakwera, wouwakha afuule kuti wanga,
kuopa kugundana mitu.
Twaibu ankasiyira anzake mawuwo.

Lachitatu lapitali, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo,
Mwanaisha, mpango atamanga mfundo ziwiri,
anauphwanya, pho!
mpira weniweni, wolimba uja,
unakwera kupitirira mgwalangwa wa kuseri kwa zimbudzi,
ndipo ndinamva mawu osawadziwa,
owonda, osweka pakati ngati a tambala wophunzira kulira:
Wanga!

Phazi langa linaima pa makina.

Sanauwakhe.
Unagwa m'gulovu, nudula msoko wanga wa Lolemba,
nutulukira pakati pa zala.
Koma maso anali pamenepo, otseguka, onse awiri.
Anautola, natembenuka, nauponya ku thumba loyamba,
Mwanaisha atafikapo kalekale, akuseka.
Abiti sanawombe m'manja.
Anangoti, winanso, bwererani m'malo.

Azana wa magharibi asanamveke
anabwera yekha, osadikira jumbo ya Lolemba,
naika gulovu pamwamba pa kanzu ya kasitomala,
fumbi ndi thukuta ndi zonse.
Amalume, ulusi wanuwu ngwofooka.
Ananena akundiyang'ana pankhope.
Ndinafuna kumukalipira za kanzuyo.

M'mawa uno ndapita kumsika, kwa ogulitsa maukonde,
ndagula nayiloni wa asodzi, wokhuthala.
Wofiira analibe.
Ndatenga woyera, ndipo chala changa chatupa kale.