Milungu Isanu ndi Umodzi

Dokotala Quilodrán sanandilonjeze kanthu.
Anakankhira kabotolo kwa ine, nati:
"Awa ndi mapiritsi a matenda a maganizo, Baltasar.
Si a kokeni ayi. A kokeni ndilibe.
Ambiri akamwa, chibaba sichiwachoka.
Koma kunsi kwa chibaba chako kuli dzenje,
ndipo la dzenjelo tingayese.
Dikira milungu isanu ndi umodzi."

Milungu!
Ine munthu wozolowera kamphindi.
Mzere umodzi woyera pa galasi la foni,
mpweya umodzi,
Valparaíso yense n'kuyaka pansi panga,
mapiri ake, nyumba zamalata zamitundumitundu,
ine pamwamba pa chimakina cha padoko
ndikutola makontena ngati mabokosi a machesi.
Usiku ndinali mwini nyanja.
Kukacha ndinali chiguduli.

Mlungu woyamba, m'kamwa gwa,
ngati ndagona nditavwira thonje.
Piritsi silikuwa, silitentha m'mphuno,
silikuuza kuti ndiwe munthu wamkulu.
Limangotsika ndi madzi, zii,
ngati kalata yopita kwa munthu amene anasamuka.

Nambala ya Remigio ndinaifufuta,
koma chala chili ndi mutu wakewake.
Lachisanu la mlungu wachitatu
ndinakwera masitepe zana limodzi ndi makumi asanu ndi limodzi
ndikuwerenga, kuti mwina manyazi andipeze panjira.
Sanandipeze.
Ndinalipira ndi ndalama ya nsapato za Josefa.
Mtima unagunda usiku wonse
ngati munthu wotsekeredwa m'kontena.

Lolemba ndinaulula, maso ali pa matailosi.
Dokotala sanakweze mawu.
Anandimanga lamba pamkono, namvetsera pachifuwa nthawi yaitali,
nati ziwirizi zikakumana m'magazi
wovutika ndi mtima.
Kenaka: "Lachinayi upite kugulu. Piritsi lokha si mwendo,
ndi ndodo chabe."

Gululo limakumana pamwamba pa msika wa nsomba.
Mipando yapulasitiki isanu ndi inayi, fungo la mamba.
Mayi Eduvigis amaponya nyemba imodzi m'botolo
tsiku lililonse limene adutsa osagwa.
Anakhuthulapo botololo kanayi.
Amatero akuseka, mano awiri kulibe.
Ine anandipatsa nyemba yanga yoyamba,
nati, "Usaiphike."

Mlungu wachisanu palibe chinagwa kumwamba.
Kungoti m'mawa wina ndikusesa pabwalo la doko,
poti chimakina anandilanda,
ndinamva fungo la buledi wotentha
kuchokera tsidya la njanji,
ndipo ndinalifuna.
Kufuna buledi!
Ndinaima ndi tsache m'manja ngati wopusa.
Zaka zitatu ndinkafuna chinthu chimodzi chokha.

Chibaba chilipobe, ndisaname.
Chimagona pakhomo ngati galu wa eni ake,
chimadzuka ndikalandira malipiro,
chimadziwa Lachisanu.
Kaya ndi piritsi, kaya ndi nyemba,
kaya ndi tulo timene tabwerera,
sindidziwa chimene chakwirirako dzenje lija.
Dokotala naye akuti sadziwa,
ndipo ndimamukhulupirira chifukwa cha zimenezo.

Dzulo Josefa anandifunsa m'chikepe chokwera phiri,
nsapato zakale zikumufinya:
"Bambo, mwachira?"
Chikepe chinali kukwera mwaulesi, matabwa akulira,
chinzake chikutsika pambali pathu
pa chingwe chomwecho.
Ndinagwira thumba la malaya.
Nyemba khumi ndi zisanu ndi zinayi,
ndi piritsi la mawa m'kapepala.

Ndinati, "Loweruka tipita kukagula nsapato."
Anayang'ana kunja, kudoko,
kumene munthu wina anali kunyamula makontena anga.
"Munateronso," anatero.
"Eya," ndinayankha. "Ndinateronso."