Mawailesi Khumi ndi Awiri ku Bangula

Magetsi athima kuyambira masana.
Dzuwa lalowa kale kuseri kwa mapiri a Matandwe
koma malata akadapuma moto.
Ndakhala pakhonde la shopu yanga yokonzera mafoni,
batire ya galimoto pakati pa miyendo,
udzudzu ukulira m'khutu ngati mwini ngongole.

Patebulo pali kakompyuta kopanda chikuto,
kabolodi kobiriwira kosaposa chikhatho changa,
tizitsulo take tili poyera ngati minga ya makakana owamba.
Ndimakasunga m'chitini cha majarini kuopa nyerere.
Pambali pake pandanda mawailesi a m'manja,
amene ana kuno amati maovaova,
khumi ndi awiri, onse osalankhula,
kudikira kuti ndiwauze kumene anzawo amakhala.

Chingwe chake chili ndi mano awiri,
lina lalikulu, lina laling'ono.
Ukapanda kukankha mpaka limveke kuti thwa,
pulogalamu imangokuuza kuti wailesi siikuyankha,
iwe n'kumatukwana kompyuta yosalakwa.

Choyamba umawerenga zimene wailesi ikudziwa kale.
Usunge. Kenaka ulembe zako.
Mzere woyamba, Chiromo.
Wachiwiri, Sankhulani.
Wachitatu ndi Makhanga, koma kagalasi n'kochepa,
kamameza chilembo chomaliza,
mudzi wonse n'kutsala MAKHANG,
ngati kuti madzi ayamba kale kuudya kumapeto.

Pa mzere umenewu dzanja langa limaima.

Chaka chatha, mwezi ngati uno,
tulo tili m'maso, ndinasinthanitsa manambala awiri.
Pofunika faifi ndinaika thuu, pofunika thuu faifi.
Basi. Palibe chinalira, palibe chinafiira.
Pulogalamu inati zatheka.
Ruo atakwiya usiku wa Lachinayi,
nsanja za mafoni zitagona,
a Zuze Khembo anakwera pachulu ndi wailesi yanga ija
n'kuitana mpaka batire kutha.
Mawu awo ankapita kumene kunalibe munthu,
khomo loyandikana ndi lathu m'mlengalenga,
ife tili chete kuno, tikumvera mphepo.

Sanafe.
Mbuzi zisanu ndi ziwiri, nkhokwe ya mapira,
ndi njinga ya malemu mkazi wawo.
Madzi ataphwa anabwera pabwato,
anaika wailesi patebulo pomwe pano,
matope atauma m'timabowo ta sipika,
anati, mayi, ichi n'chogontha,
n'kukhala pansi kupempha madzi akumwa.

Ndiye lero Donasiyano, mwana wanga,
wagwira kope ndi tochi.
Ine ndikawerenga pagalasi, iye ayankha za m'kope,
nambala ndi nambala, kawiri,
monga amawerengera ndalama za thonje pamsika.
Wani folo faifi, dontho, faifi thuu faifi.
Akayasamula ndimamutsina.
Kanyali kobiriwira kaphethira,
mzere ukwawa pagalasi pang'onopang'ono ngati ng'azi,
wailesi izima, iyakanso, itadziwa mayina a kwathu.

Ya khumi ndi chiwiri yatha tambala asanalire.
Ndalemba ndi penti ya zikhadabo kumsana kwake: ZUZE.

Kutacha ndatuma mnyamata pa kabaza,
apite nayo mpaka ku Mtayamoyo,
aime pamene msewu umathera m'madzi.
Ine ndakwera pa diramu kuseri kwa shopu,
mlongoti wa nsungwi ukugwedera,
kumwamba kwa Thyolo mitambo yayamba kuda.

Phokoso lokha, ngati nsomba m'mafuta.
Ndadikira. Thukuta latsikira m'chigongono.
Kenaka mawu, ang'onoang'ono, othyokathyoka:
Amayi, mukundimva?
Madzi afika pa mtengo wa mtondo uja.
Komanso wakabaza akuti ndalama yachepa. Ova.

Ndasindikiza batani ndi chala chonjenjemera.
Ndakumva, mwanawe.
Bwerezanso za madzizo. Ova.