Njira Yanga Aipatsa Dzina

Zaka khumi ndi ziwiri ndinakankha njinga pa phiri ili,
matumba asanu a makala omangidwa ndi malegeni,
kunyamuka ku Shantumbu tambala asanalire
kuti Chilenje akamadzuka andipeze pamsika.
Mabuleki anga anali chidendene cha nsapato.
Mwala uliwonse wa pano ndinaudziwa ndi bondo.

Lero njira ija aipatsa dzina.
Lili pachikwangwani, m'Chingerezi chondiluma lilime.
Pali geti, pali mtsikana wolemba malisiti,
chimbudzi cha madzi, thanki ili pamwamba,
ndi paipi yotsukira njinga.
Njinga kusamba ine ndikuona,
pomwe Tikambenji, mkazi wanga,
amalawirira kumjigo ndi zigubu ziwiri.

Anandilemba ntchito chifukwa phirili ndimalidziwa.
Anandipatsa chikwanje, khasu ndi chitini cha penti.
Ndimajambula mivi pamiyala:
wofiira wa olimba mtima,
wobiriwira wa ana ndi a mimba zotsogola.
Nditafuna kusalaza potsetsereka paja
bwana Penyani anandigwira mkono:
"Ayi, a Yotamu, miyalayo isiyeni,
anthu amalipira imeneyo."
Ndinaseka mpaka kukhala pansi.
Mwala umene unandigulula dzino,
nkumwaza makala anga mpaka kukhwawa,
lero uli ndi mtengo wake.

Loweruka amabwera ndi fumbi lochokera ku Kabulonga,
magalimoto atabereka njinga kumbuyo ngati makanda.
Zipewa zonga chigoba cha kamba,
makabudula othina oti apongozi ayang'ane kumbali.
Amakwera dala pamene ine ndinkatukwana,
akafika pamwamba amajambulana thukuta.
Njinga ina ndinainyamula ndi zala ziwiri.
Ndinafunsa mtengo wake. Sindidzafunsanso.
Ilibe kaliyala.
Ndinaizungulira kawiri, kufunafuna:
thumba la ufa ungaliike pati?
Wodwala, usiku, ungamukhazike pati?

Koma ndisaname.
Tsiku lina dzuwa litapendeka
mayi wina wa magalasi, miyendo ikunjenjemera,
anati, "Nditsitsireni, ine ndiyenda pansi."
Ndinapukuta manja pabuluku.
Ndinakwera.

Kumbuyo kopanda katundu
njinga imakhala chinthu china.
Mphepo inalowa m'malaya nkuwatupitsa,
misuku ndi miombo ikuthawira kumbuyo,
pa mwala wanga uja tayala linangoti nyamu!
Ndinamva munthu akukuwa ngati mwana,
kutchera khutu bwino, ndinali ine.
Ndipo pampata paja ndinaima, mtima uli thi thi thi:
Lusaka yense ali gonee kutsogolo kwanga,
nyumba zosanja, utsi, malata akuphethira.
Zaka khumi ndi ziwiri ndinadutsa pamenepo
maso ali patayala la kutsogolo.
Sindinkadziwa kuti mzinda wodya makala anga
umaoneka kuchokera kwathu.

Madzulo Tikambenji anandifunsa chimene ndinkamwetulira.
Ndinati palibe.
Ndikanayambira pati?
Kuti phiri limene linandipinda msana
lero landinyamula?
Akanangondigwira pamphumi kufuna malungo.

Mawa mbandakucha ndikakumana ndi Sekelani,
mwana wa mlongo wanga,
akukankha matumba ake kuseri kwa mpanda,
njira yatsopano, yozungulira, ya minga,
poti yakale ija ili ndi geti.
Iyo ilibe dzina, ilibe muvi.
Adzati, "Malume, mwanenepa."
Sindidzayankha.
Ndidzaika chitini pansi
nkumukankhira kumbuyo mpaka pamwamba,
tonse tikupuma ngati mvukuto,
ndipo akamatsika yekha kulowera kumzinda
sadzadziwa kuti pathumba lake lomaliza
ndasiyapo zala zisanu za penti wofiira.